Tambala wa amfumu ndi madzi a Lichenya: ulendo wathu wa ku Mulanje

A Tcheya anandiuza kuti ndilembe lipoti la masamba awiri la ulendo wa gulu lathu lobzala mitengo, wokaona nazale ya anzathu a ku Bondo ku Mulanje, loti tikawerenge pamsonkhano wa Lachitatu. Limenelo ndalemba, lili m'kaundula. Ili ndi lina, la ife amene tinakwera lole ija komanso la anzathu asanu amene anatsala chifukwa cha maliro a kutsidya. Chiyambire tsiku lomwe tinabwerako aliyense akusimba zake, ndipo nkhani ya tambala yakula mpaka ena pachigayo akuti anali atambala atatu. Anali mmodzi, wofiira, wa lipombo lopendekeka, ndipo tinamugula ndi ndalama ya gulu.

Tinapangana 5 koloko m'mawa pachigayo. Tinanyamuka nthawi itatsala pang'ono kukwana 7, anthu 23, chifukwa Make mapasa anabwerera kawiri, koyamba kukatenga chitenje cha yunifomu, kachiwiri kukatenga mthiko. Aliyense anaseka za mthikowo, koma mudzaumva kutsogoloku. M'lolemo munali thumba la ufa, ndowa ziwiri za thobwa, mikoko itatu ya nthochi za kwathu kuno ku Thyolo, ndi tambala uja womangidwa miyendo ndi luzi. Mudzi wa eni sulowedwa chimanjamanja.

Kunja kunali chiperoni chenicheni cha mwezi wa Juni, mvula ya mawawa yosagwa yosaleka. Kwathu kukacha bwino phiri la Mulanje timaliona kum'mawa ngati khoma lobiriwira, ndipo ambiri a ife takalamba tikuliona choncho osalipondako. Tsiku limeneli tinawoloka Thuchila cha ku Luchenza osaliona, tinafika pa Chonde osaliona. Pa Chondepo Gogo anadzuka pa thumba la ufa n'kukuwa kuti, “Alhomwe, Alhomwe!” lole yonse n'kuyankha, “Noophiya!” mpaka a dalaivala anaimba hutala. Aphunzitsi athu opuma anatifotokozera kuti nyengo imeneyi inatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepo yonyowa ya kunyanja yaikulu imadzera isanadzagunde Mulanje ndi Thyolo. Ine zaka zonsezi ndinkangoti chiperoni ndi chiperoni basi.

Pa Chitakale tinaima kugula nanazi. Tinadutsa paboma, tinatsata msewu wopita kuchipata cha Muloza, kenaka tinapatuka kulowa msewu wadothi wa m'minda ya tiyi wolunjika ku Bondo, kumene anzathu ankatidikira 10 koloko.

Apa m'pamene zinachitikira. Dothi la kumeneko ndi katondo wofiira ngati wathu yemweyu, koma atanyowa masiku atatu anali ngati sopo. Pachitunda china lole inakwera theka, inaima, n'kuyamba kutsetsereka cham'mbali mpaka tayala lakumbuyo linakhala mu ngalande. Tonse tinatsika. Abambo anapita kumbuyo kukakankha, amayi tinathyola nthambi ndi kutola miyala yoika kunsi kwa matayala. Pokankha kachitatu tayala linazungulira pamalo amodzi n'kumwaza matope, ndipo a Msungichuma, amene anavala shati yoyera yosita ndi makala usiku, anasanduka ofiira kuyambira kumapazi mpaka kumagalasi. Sanalankhule kanthu. Anangoonetsetsa kuti kachikwama ka ndalama kali m'khwapa, n'kubwereranso kukakankha. Amene mumanena kuti bambo amenewa ndi ouma manja, mukanawaona tsiku limenelo.

Lole itatuluka, tikuomba m'manja, tinamva kokoliko kumbuyo kwathu. Tambala anali ataima pamwamba pa thumba la ufa, miyendo yomasuka, akukupiza mapiko. Tisanaganize n'komwe anauluka n'kugwera m'munda wa tiyi.

Amene simunalowepo m'munda wa tiyi mumvetse bwino. Pamwamba pamaoneka posalala ngati tebulo, masamba ofika m'chiuno, okhudzana osasiya mpata. Kunsi kwake kuli mphako, njira zokhazokha. Munthu umayenda movutika, nthambi zikukukoka chitenje, pamene nkhuku ikuthamanga kunsiko ngati pabwalo. Tinamwazikana m'mundamo anthu oposa khumi. Achimwene a kabaza anagwada n'kukwawa, timangoona masamba akugwedezeka ndi mawu otuluka pansi, “Ali uku! Ayi wapita uko!” A Tcheya anaima pamsewu n'kumalozera ndi ambulera. Mtsikana wathu wa kwaya anamugwira mchira, n'kutsala ndi nthenga ziwiri m'manja.

Mkangano unabuka pomwepo, tambala asanagwidwe. Mayi a zitumbuwa anati amene anamasula luzi ndi Achimwene a kabaza, chifukwa pa Chitakale anawamva akunena kuti nkhuku yatupa miyendo. Achimwene anatulutsa mutu m'tiyimo n'kuyankha kuti, “Alamu, ine ndinangofewetsa, sindinamasule.” Mayiwo anati kufewetsa ndi kumasula ndi mwana ndi make. A Msungichuma anaonjeza kuti tambala akasowa, mtengo wake uchotsedwa pa masheya a wofewetsayo, ndipo apo mawu anakwera ndithu, mpaka zinatuluka za ngongole ya chaka chatha zimene sindilemba pano. Ndanena izi kuti zithe. Ine ndinakhala pafupi ndi tambalayo ulendo wonse. Achimwene anafewetsadi, koma luzi linali lakale ndipo litanyowa linaduka lokha. Chidutswa chake ndinachitola, ndili nacho.

Anatipulumutsa ndi amayi anayi amene ankathyola tiyi chapafupi, madengu ali kumsana, atavala mapepala apulasitiki m'chiuno. Anationera kwa kanthawi, kenaka wamkulu mwa iwo anati, “Amayi, nkhuku sathamangitsa m'tiyi. Tulukani nonse, mukhale chete.” Tinatuluka. Anapempha chitumbuwa chimodzi, anachinyenyanyenya m'kanjira ka pakati pa mizere, anakhuthulira masamba ake m'dengu la mnzake, n'kukhala chonjuta dengu lili m'manja. Panapita mphindi ngati khumi, anthu 23 tili zii, mvula ikutinyowetsa. Tambala anatulukira yekha, akujompha, akujompha, ndipo dengu linamuvindikira kamodzi n'kamodzi. Tinawapatsa phava la nthochi aliyense, ndipo Mayi a zitumbuwa sanalipiritse chitumbuwa chija, zomwe tonse tikudziwa kuti sizichitikachitika.

Tinafika 1 koloko itadutsa. Anzathu anali asanabalalike. Anatichingamira ndi nyimbo pamtunda, natilandira katundu pamutu, ndipo ataona shati ya a Msungichuma mayi wina anathamanga kukatenga ya amuna ake. Amfumu atamva mbiri ya mphatso yawo anaseka mpaka kupukuta misozi, nalamula kuti tambala ameneyo asaphedwe, akhale wa mbewu.

Tsono chakudya. Anatiphikira nsima ya mgaiwa, nandolo, chigwada chotendera, ndi kalongonda wodzaza beseni. Mthiko wawo waukulu unathyoka mphika wachiwiri uli pamoto, ndipo Make mapasa anangotsegula chikwama mwakachetechete n'kutulutsa wawo uja. Kuyambira pamenepo palibe anatchulanso zochedwa m'mawa. Kalongonda anali ataphikidwa kuyambira dzulo lake, kutaya madzi kangapo monga mwa lamulo lake, pakuti tonse tikudziwa zimene amachita akaphikidwa mothamanga. Anali wofewa, wosawawa ngakhale pang'ono. Gogo, amene kwathu kuno palibe amawaposa pa kalongonda, anadya mbale yoyamba osayankhula, yachiwiri osayankhula, kenaka anafunsa kuti, “Achemwali, mwathiramo chiyani?” Mayi wophikayo anati sanathiremo kanthu, ndi madzi a m'phiri. Gogo anakana kuti madzi ndi madzi. Anakangana mwachibale mpaka anagwirizana kuti Gogo atenge madzi a Lichenya m'chigubu akayesere kwawo. Chigubucho chinakwera nafe lole, ndipo zotsatira zake tikuzidikira.

Zimene tinapitira tinaziona masana. Nazale yawo ili m'mbali mwa khwawa, ya mthunzi wa udzu, machubu ali m'mizere yowerengeka bwino. Dothi la m'machubu amasakaniza la m'nkhalango, mchenga ndi manyowa, ndipo amasuntha machubu kawirikawiri kuti mizu isaloŵe pansi. M'mphepete mwa madzi amabzala mibawa, katope ndi nsungwi, bulugamu amamuika kutali ndi mtsinje, ndipo m'minda yotsetsereka muli mizere ya vetiva. Anatiuzanso za mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera paphiri ili lokha padziko lonse. Thabwa lake limanunkhira ndipo chiswe sichilidya, n'chifukwa chake macheka anautha ngakhale kuti phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likugwira ntchito ndi midzi yozungulira phiri kufesa mbande zokabzala pamwamba. Zonsezi zili m'lipoti la m'kaundula, pamodzi ndi miyeso ya machubu.

Chimene sichili m'kaundula ndi ichi. Atatha za nazale anatitengera kukaona magetsi awo. Ku Bondo magetsi amachokera mu mtsinje wa Lichenya, pansi pa bungwe la Mulanje Electricity Generation Agency (MEGA). Kumtunda anapatutsa madzi ena kulowa mu ngalande ya simenti yoyenda m'mbali mwa phiri, madziwo amasonkhana m'thanki, kenaka amagwera m'chipaipi chotsika motsetsereka kwambiri mpaka m'kanyumba momwe amazunguza makina. Akatha ntchito amabwerera mumtsinje momwemo, osachepa ngakhale kapu imodzi. Anthu amagula mayunitsi ngati m'tauni. Ndinaima m'kanyumbamo, pansi pakunjenjemera, ndikuganiza za ana athu amene amawerenga ndi tochi ya foni. Mnyamata wotiperekeza anati mitengo ikatha kumtunda, mchenga umadzaza ngalande nthawi ya dzinja ndipo madzi amachepa m'chilimwe, mababu n'kumaphethira. Kwa iwo wodula mtengo kugwero wazimitsa nyale ya mudzi wonse, ndipo safunika munthu wochokera kuboma kudzawauza zimenezo.

Pobwerera tinakhala pathanthwe kupuma, ndipo bambo wina wachikulire, amene ankatitsatira mwakachetechete ndi ndodo yake, anatola kamtengo n'kujambula pansi. Anajambula phiri ngati mphika wovundikira, n'kuyamba kukoka mizere yotsika. Uwu ndi Lichenya, ukuchokera pachidikha cha pamwamba apa. Uwu ndi Ruo, uwu ndi Muloza wa kumalire. Kuzungulira uku, Likhubula, kenaka Thuchila amene mwawoloka m'mawa. Yonseyi imakathira mu Ruo, ndipo Ruo amatenga malire a dziko lathu ndi Mozambique mpaka kukagwera mu Shire ku Chiromo. Kuseri uku, Phalombe ndi Sombani, imeneyo siibwera kuno, imapita kunyanja ya Chilwa. Anati mitambo imakhuthula mvula mbali ino ya kummwera, n'chifukwa chake tiyi ali kuno, pamene kuseri ku Phalombe n'kouma, kwa nandolo, mpendadzuwa ndi fodya. Phiri limodzi, koma mbali iliyonse ili ndi ulimi wake ndi mavuto ake.

Atatero anatembenukira kwa a Tcheya. “Nanga inu bambo, kamtsinje kanu kamene mukubzalako mitengo, mutu wake uli pati?”

A Tcheya anayang'ana Aphunzitsi, Aphunzitsi anayang'ana ine. Takhala zaka zinayi tikubzala m'mbali mwa kamtsinje kathu, kuyambira pamlatho mpaka padimba la Make mapasa, ndipo pa anthu 23 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafikako kumene kamayambira. Gogo okha anati ali mtsikana ankamva kuti kuli kasupe pansi pa mkuyu, cha kuphiri la Thyolo, nthawi imene phiri lathu linali lakuda ndi mitengo. Lero tonse tikudziwa mmene lilili, minda mpaka pamwamba. Bamboyo sanatinyoze. Anangoonjeza kamzere kena pachojambula chake, kochokera kumadzulo kukalowa mu Thuchila, n'kunena kuti madzi athu ndi awo amakakumana kumunsiko. Ine funso limenelo landikhala pamtima kuposa china chilichonse cha ulendowu.

Anationetsanso miyala. M'khwawa lina muli miyala ikuluikulu ngati nyumba, yoyera, yopanda ndere, ndipo pamwamba paphiri pakuoneka mikwingwirima yofiira ngati chilombo chinakandapo. Zimenezo ndi za namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Achikulire amati ndi Napolo, monga uja anatsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991 n'kusesa Phalombe. Mayi wina anatifotokozera mmene amamvetsera mtsinje mvula ikagwa masiku ambiri: madzi akasanduka ofiira ngati phala la mawere, akayamba kununkha dothi, kumtunda kukamveka kugunda ngati magalimoto ambiri, sutola kanthu, umangonyamula mwana kuthawira pamtunda, kutali ndi khwawa. Analankhula motsitsa mawu ndipo sitinamufunse zambiri. Nafenso ku Thyolo tinaika anthu chaka chimenecho. A Tcheya anavula chipewa, ndipo tinapemphera pomwepo, ife ndi iwo, tili chiimire pamiyala.

Tinagona m'tchalitchi, amayi mbali ino abambo mbali iyo, babu likuyaka ndi madzi a Lichenya. Kuzizira kwake kunali kolowa m'mafupa. Usiku panali kukokanakokana pang'ono, ena akuti Lamulungu ndi la mapemphero, ena akuti sitingafike ku Mulanje osaona Dziwe la Nkhalamba. Mkulu wa mpingo wa kumeneko anathetsa nkhaniyo potiitanira mapemphero a mbandakucha.

Titatuluka m'tchalitchimo, chiperoni chinali chitachoka. Abale anga amene munatsala, apa ndiye ndikusowa mawu. Phiri linali pamwamba pathu penipeni, thanthwe lokhalokha, madzi akutsika m'mizere yoyera, dzuwa likuwomba nsonga pamene ife tikadali mumthunzi. Tinagona pansi pa chinthu chotere usiku wonse osachiona. Mtsikana wa kwaya anayambitsa nyimbo yotamanda Mlengi ndipo palibe anamuuza kuti ayambe.

Tinatsanzikana, anatipatsa mbande 60 za mibawa ndi katope, thumba la nanazi, ndi malonjezo oti adzabwera kwathu mvula ikayandikira. Tinabwerera pa Chitakale n'kukhotera msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula. Kumeneko khoma la Chambe limaima chilili, losalala, loti ukaliyang'ana khosi limawawa. Tinatenga mnyamata wolondolera alendo, ndipo anatiuza kuti nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, palibe ina yoiposa m'Malawi muno, komanso kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, makamaka chifukwa cha miyambo ya anthu olizungulira. Pamwamba palibe midzi, kuli tinyumba togona alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani. Anatinso chaka ndi chaka pamachitika mpikisano wothamanga wa anyamata onyamula katundu wa alendo, kukwera ndi kutsika phiri tsiku limodzi. Achimwene a kabaza anati chaka chamawa alowa nawo. Patangopita mphindi makumi awiri anali atakhala pamwala akupempha madzi, pamene amayi a kumeneko ankatidutsa akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa chitseko, opanda nsapato. Mitolo imeneyo inandipatsa maganizo awiri, chisoni pa nkhalango ndi chisoni pa amayiwo, pakuti palibe amakwera phiri lotere ndi nkhwangwa chifukwa chokonda.

Gogo anatilangiza tisanafike padziwe. Osaloza ndi chala, osatukwana, ndipo ukapeza chakudya chokonzakonza m'phiri umadya wekha osaitana mnzako. Mayi a zitumbuwa anati lamulo lomalizali a Msungichuma analisunga kale pa nanazi wa pa Chitakale. Ngakhale eni akewo anaseka.

Dziwelo ndi lakuda ndi kuya, mathithi akugwera m'menemo kuchokera pathanthwe, mphepo yake yozizira ngati ya m'filiji. Ambiri tinangoviika mapazi n'kuwatulutsa msanga. Achimwene a kabaza, pofuna kubweza ulemu wotayika pa tambala, analowa mpaka m'khosi cha m'mbali, ndipo anatuluka milomo ikunjenjemera osatha kutchula ngakhale dzina lawo. Amene anawafunditsa chitenje ndi Mayi a zitumbuwa omwe aja. Pamenepo tinadziwa kuti mlandu wa luzi watha. Tinamwa thobwa lotsala, ndipo Gogo anathira pang'ono pansi asanamwe.

Zikomo kwa amfumu ndi anzathu onse a ku Bondo, makamaka amayi amene anayamba kuphika kalongonda Lachisanu chifukwa cha ife. Zikomo kwa amayi anayi a dengu, kulikonse kumene muli. Kwa a dalaivala, amene sanatilipiritse za matope. Kwa amuna a mayi uja, eni shati, tikubweza yochapa ndi yosita. Kwa a Msungichuma, amene anabwera ndi chenji cha K4,500 ndi malisiti onse ouma ngakhale iwo ananyowa. Kwa Make mapasa ndi mthiko wawo. Kwa Aphunzitsi, amene anakopera m'kope chojambula cha bambo uja mvula isanachifufute. Kwa anzathu asanu otsala, nanazi wanu ali kwa a Tcheya, kupatula mmodzi amene anaphwanyika pa Luchenza, ndipo amene anamukhalira akudzidziwa.

Mbande zili pamthunzi kuseri kwa tchalitchi, ndipo sabata ino othirira ndi gulu la Make mapasa. Loweruka likubwerali tikumana pamlatho 6 koloko, tiyenda motsata kamtsinje kathu kukwera mpaka tikapeze mutu wake. Gogo akuti atsogolera mpaka pamene miyendo iwalole, ndipo Achimwene a kabaza alonjeza kuwanyamula panjinga potsalapo. Aliyense atenge chikwanje, madzi akumwa ndi kamba wake. Nthenga ziwiri zija zili m'kaundula, patsamba la Juni.